KUPHUNZIRA ZA CITETEZO CA DZIKO PA YUNIVESITI

Munthu akayenda mu mseu wa Burma kucokera ku Kamwala, napyola Kabwata, afika m'dera la Libala, ndipo asanafike ku Woodlands aona mpanda wa Arakan Barracks, kumene kuli likuru la asilikari a Zambia Army. Anthu amene apita m'mseumo tsiku ndi tsiku saganizako za maina awiriwa, cifukwa anawazolowera kale. Koma Burma ndi dziko la kutali ku Asia, limene masiku ano lichedwa Myanmar, ndipo Arakan ndi cigawo cace ca m'mbali mwa nyanja. Kumeneko ndiko kumene anyamata a Northern Rhodesia Regiment anatumizidwa kukamenyana ndi Ajapani m'zaka za 1944 ndi 1945. Maina a Chindwin ndi Kohima ku Kabwe anacokeranso ku nkhondo yomweyo.

Tsono popeza ana a ku Libala akula alikuona asilikari pafupi, sicodabwitsa kuti mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Giredi 12 pa Libala Secondary School akauza makolo ace kuti afuna kukaphunzira za citetezo ca dziko pa yunivesiti, makolo aganiza za yunifomu ndi mfuti. Amai agwira pamtima. Atate afunsa kuti, "Nanga ngati ufuna usilikari, bwanji osangolembetsa pamene Boma liitana anyamata? N'kutayiranji ndalama za zaka zinai?" Funso la atate ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mosathamanga, cifukwa ndalama za sukulu sizitoledwa pa mseu.

Msilikari aphunzira nchito yace ku Kabwe, wapolisi aphunzira yace ku Lilayi, ndipo kumeneko aphunzitsidwa kuguba, kugwira zida ndi kumvera lamulo la wamkuru. Pa yunivesiti mfuti palibe. Wophunzira akhala ndi mabuku, mapu, malamulo ndi masamu, ndipo afunsa mafunso monga awa: Kodi n'ciani cimene cingagwaditse dziko lino? Cidzacokera kuti? Kuti dziko licinjirizike, padzafunika ndalama zingati, ndipo ndalamazo zidzacotsedwa pa ciani, pa cipatala kapena pa sukulu? Ndipo alonda amene apatsidwa mfuti ndi zinsinsi, awayang'anira ndani? Maphunzirowa sali akale kwambiri. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1919, yunivesiti ya ku Aberystwyth m'dziko la Wales inakhazika mphunzitsi woyamba wa ndale za pakati pa maiko, kuti anthu afufuze cimene cimabala nkhondo. Mau akuti citetezo ca dziko anachuka kwambiri Amereka atapanga lamulo lao la National Security Act mu 1947, ndipo mu 1962 King's College ya ku London inatsegula cigawo ca maphunziro a nkhondo.

Mau awiri ayenera kumasuliridwa. Pa yunivesiti wophunzira asankha phunziro lalikuru, limene alicha major, ndilo limene limdyera nthawi yambiri ndi kumpatsa dzina la digiri yace. Pambali pace asankha phunziro laling'ono, limene alicha minor. Lalikuru liri ngati nsima, laling'ono ngati ndiwo. Pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, munthu wofuna za citetezo angayambire pa maphunziro a ndale, a kayendetsedwe ka Boma, a mbiri yakale, a cuma kapena a citukuko, ndipo digiri yotere itenga zaka zinai. Akuru a asilikari amene akwera kale pa udindo aphunzira pa Defence Services Command and Staff College ku Kamwala, sukulu imene igwirizana ndi yunivesiti yomweyi pa maphunziro a citetezo. Ku Kitwe, Copperbelt University iri ndi cigawo cofufuza za mtendere ndi mikangano cochedwa ndi dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961. Ndipo ku Malawi, Mzuzu University ipereka digiri yoyamba ya maphunziro a citetezo yeni-yeni, imene asilikari ndi apolisi ambiri aphunzira.

Koma dzina la sukulu silifotokoza cimene ciri m'kati mwa phunziro. Njira yabwino yocionera ndiyo kutsata zimene zinagwera Zambia yemwe, pakuti dziko lino linaphunzira za citetezo mwa kupsa nazo.

Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira popanda cilolezo ca Britain. Zambia anali ndi caka cimodzi cokha ca ufulu. Palibe msilikari wa Smith amene anaoloka Zambezi tsiku limenelo, koma dziko linali ngati munthu amene mdani wamgwira pakhosi. Mkuwa wa ku Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga unali kuturuka pa njanji yopyola ku Rhodesia. Malasha osungunulira mkuwawo anali kucokera ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange. Magetsi a m'migodi anali kucokera ku Kariba, ndipo makina opangira magetsiwo anali ku tsidya la Smith. Mafuta a galimoto naonso anali kudzera kum'mwera, ndipo pomafika December anaduka. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi. Ndege za Britain, Amereka ndi Canada zinatuta mafuta m'migolo, ndipo malole anayamba kuthamanga pa mseu wa pfumbi ndi matope wa ku Dar es Salaam, umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run cifukwa ca ngozi zace.

Wophunzira akapatsidwa nkhani iyi m'kalasi, mphunzitsi samfunsa kuti Zambia anali ndi mfuti zingati. Amuuza atenge mapu, aone kuti dziko lino liribe nyanja yamcere ndipo lizingidwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo awerenge njira zimene cinthu ciri conse cofunika ciloweramo. Kenaka aone mmene Boma la a Kenneth Kaunda linayankhira. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatha mu 1968. Mgodi wa malasha unatsegulidwa ku Maamba. Magetsi anayamba kupangidwa pa Kafue Gorge, ndipo pambuyo pace pa Kariba tsidya lino. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 kufikira 1975. Zonsezi zinali zida za citetezo, ngakhale palibe cimodzi mwa izo cimene ciomba.

Mfuti nazo zinafika, ndipo zinafika pakhomo peni-peni pa anthu a ku Libala. Pa 18 March 1975, m'mawa, ku Chilenje South kunamveka kuphulika: bomba limene linaikidwa m'galimoto linapha a Herbert Chitepo, wapampando wa ZANU, ndi mlonda wao, ndiponso mwana wa m'nyumba yoyandikana. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, n'kupha anthu mazana, ndipo woyendetsa ndege wa adaniwo analankhula ndi a pa bwalo la ndege la Lusaka ngati mwini mlengalenga, nawauza kuti ndege za Zambia zisauluke. Mu April 1979 asilikari a Rhodesia analowa mu mzinda usiku ndi magalimoto, naononga nyumba ya a Nkomo kufupi ndi State House. Caka comweco anaphulitsa milatho ya pa Chambeshi, nadula njanji ndi mseu wa kumpoto nthawi imodzi.

Pa zaka zimenezi pali cinthu cimodzi cimene wophunzira wanzeru acedwapo kwambiri. Mu January 1973 Smith anatseka malire, ndipo pamene anafuna kuwatsegulanso a Kaunda anakana. Koma mu 1975 njanji ya Benguela inafa cifukwa ca nkhondo ya ku Angola, ndipo doko la Dar es Salaam linadzaza ndi katundu wosayenda. Tsono mu October 1978, mwezi womwewo umene mabomba anagwa ku Chikumbi, a Kaunda anatsegulanso njanji ya kum'mwera, pakuti mvula inali pafupi ndipo fetereza anali asanafike kwa alimi. Kodi anacita bwino? Ena anati anagonja kwa mdani. Ena anati mtsogoleri amene alola anthu ace kufa ndi njala cifukwa ca kuuma mutu ndiye amene wagonja. Funso lotere liribe yankho la kumapeto kwa buku, ndipo mafunso a mtundu uwu ndiwo nchito yeni-yeni ya maphunzirowa. Wophunzira ayenera kuika zinthu ziwiri zowawa pa sikelo, nanene cimene cilemera, napereke zifukwa zace.

Omvera a ku migodi adziwa bwino kuti cimene cinagwedeza Boma la UNIP kopambana ndege za Smith cinali thumba la ufa. Mu December 1986 mtengo wa ufa woyera unakwezedwa kuposa kawiri, ndipo m'matauni a ku Copperbelt munabuka cipolowe cimene anthu anaferapo, kufikira Boma linabweza mtengo. Mu June 1990 mtengo unakweranso. Ophunzira a pa yunivesiti anayamba kuguba, Lusaka yense anatsata, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 30 June, Lefutenanti Mwamba Luchembe analankhula pa wailesi kuti asilikari atenga Boma. Mau ace anakhala maola ocepa okha, koma anthu anabvina m'miseu, ndipo kubvinako kunauza akuru a dziko zimene akazitape ao sanawauze, kapena zimene iwo sanafune kumva. Pofika October 1991 dziko linacita masankho a zipani zambiri. Pa 28 October 1997 Kaputeni Steven Lungu, wodzicha Captain Solo, anayesanso comweco, ndipo nayenso anathamangira ku wailesi. Nyumba ya wailesi ilibe golide kapena zida, koma aliyense wofuna kulanda dziko ayambira kumeneko, ndipo wophunzira ayenera kudziwa cifukwa cace.

N'cifukwa ca zocitika zotere m'maiko ambiri kuti mu 1994 bungwe la UNDP linafalitsa ganizo lakuti citetezo ciyenera kuyezedwa pa munthu, osati pa malire okha: kodi ali ndi cakudya, nchito, mankhwala, madzi abwino, ndi ufulu wogona m'nyumba yace osaopa? Aphunzitsi ena adandaula kuti cinthu ciri conse cikachedwa citetezo, mauwo sakhalanso ndi tanthauzo, ndipo kudandaula kwao kuli ndi mutu. Komabe munthu amene anakhala mu Lusaka mu 2024 sangakane kuti ganizoli liri ndi coonadi. Pofika kumayambiriro kwa caka cimeneco kolera inali itadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Pa 29 February Prezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia apangidwa ndi madzi, makomboni anakhala mu mdima maola 20 kapena kuposa pa tsiku. Wometa tsitsi, wowocherera zitsulo ndi wogulitsa nkhuku za m'firiji anaona nchito zao zirikufa popanda mdani woti amloze cala.

Pali mbali yina ya maphunzirowa imene siikondedwa ndi olamulira, ndipo sukulu imene iilumpha siyenera kulandira ndalama za kholo liri lonse. Mau akuti citetezo ali ngati mpeni: asenda mbatata, ndiponso aceka munthu. Mu 1940 Britain inali pa nkhondo ndipo inafuna mkuwa wopangira zida. Pamene anchito a ku Nkana ananyanyala kuti malipiro ao akwere, asilikari anaombera khamu pa 3 April, ndipo anthu 17 anafa. Olamulira a nthawiyo anati anateteza mtendere ndi mkuwa wa nkhondo. Akazi amasiye a m'komboni akadafunsidwa, akadafunsa kuti citetezoco cinali ca yani.

Ufulu utabwera, funsoli silinathe. Malamulo a nthawi ya ngozi amene anaikidwa mu July 1964, pa nkhondo ya mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, anakhalabe kufikira 1991, ndipo pa zaka 27 zimenezo Boma linali ndi mphamvu yotsekera munthu popanda kumzenga mlandu. Ngozi ya Rhodesia inali yoona, palibe angakane. Koma mphamvu yomweyo ndiyo inatsekera a Simon Kapwepwe mu February 1972, atayambitsa cipani ca UPP. Ndiyo inatsekeranso ophunzira ndi aphunzitsi ena a University of Zambia mu 1976, pamene anatsutsana ndi Boma pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola, yunivesiti n'kutsekedwa. Masiku ano mkangano womwewo wasamukira pa foni ndi pa intaneti. Pa tsiku la masankho, 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira nchito m'dziko muno. Lamulo la citetezo ca pa intaneti la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025, ndipo pa malamulo onsewa anthu anatsutsana: Boma linati akuba ndi onyenga a pa foni acuruka, cimene ciri coona, maloya ndi atolankhani anati mphamvu yomvetsera zolankhula za anthu ikapanda malire idzagwera otsutsa, cimenenso mbiri ya dziko lino isonyeza kuti si mantha acabe. Wophunzira wabwino aturuka pa yunivesiti wodziwa kusiyanitsa citetezo ca dziko ndi citetezo ca mpando wa wolamulira. Cifukwa cace awerenga Constitution, State Security Act ya 1969 ndi Public Order Act ya 1955, naphunziranso nchito ya makhoti ndi ya komiti ya m'Nyumba ya Malamulo yoona za citetezo ndi za maiko akunja.

Tsono kubwerera ku funso la atate aja: kodi mwana atenge citetezo ngati phunziro lalikuru kapena laling'ono? Kwa msilikari kapena wapolisi amene ali kale pa nchito, kulitenga lalikuru n'kwanzeru, pakuti limuunikira nchito imene aigwira kale ndipo lingamthandize kukwera. Koma kwa mwana wocokera ku sekondale, amene sadziwa khomo limene lidzamtsegukira, cenjezo liyenera kunenedwa poyera. Digiri ya citetezo siimpanga munthu kukhala ofisala. Wofuna usilikari adzayesedwa thupi, nadzapita ku Kabwe kukathamanga ndi anzace monga wina aliyense. Ndipo ofesi ya akazitape a Boma siilemba munthu cifukwa cakuti pa pepala lace palembedwa mau akuti citetezo. Malo a nchito zotere ndi owerengeka, pamene omaliza maphunziro acuruka caka ndi caka.

Kwa mwana wotere njira yosatsekeka ndiyo kugwira phunziro lalikuru limene liri ndi luso logulitsika, monga malamulo, za cuma, za makompyuta, mbiri yakale kapena cinenero, ndi kuika citetezo pambali pace. Wodziwa kuwerengera ndalama amene aphunziranso za citetezo angathe kutsata ndalama zakuba ku Financial Intelligence Centre kapena ku Drug Enforcement Commission. Wodziwa makompyuta afunidwa ndi mabanki ndi makampani a mafoni. Wodziwa Cifalansa kapena Cipwitikizi ali ndi mwai, cifukwa ku Congo alankhula cimodzi, ku Angola ndi ku Mozambique cinzace, ndipo asilikari a Zambia akhala alikusunga mtendere ku Central African Republic kuyambira 2015. Palinso nchito ku Immigration, ku Unduna wa Maiko Akunja, ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imene iri pansi pa Waciwiri kwa Prezidenti, m'misasa ya othawa kwao monga Meheba ndi Mayukwayukwa, ndi m'migodi momwe, m'mene mkuwa uyenera kulondedwa kucokera pa ng'anjo kufikira pa doko. Mtolankhani naye, akadziwa kuwerenga bajeti ya asilikari, afunsa mafunso amene anzace aopa kufunsa.

Kholo lisanalipire ngwee imodzi, lifunse zinthu ziwiri, pakuti safunsa anadya phula. Coyamba, ngati sukuluyo ndi phunzirolo zibvomerezedwa ndi Higher Education Authority, popeza masukulu a eni acuruka ndipo si onse amene pepala lao lilandiridwa. Caciwiri, lione ndandanda ya zophunzira. Ngati muli nkhani za Washington, Moscow ndi Beijing zokha-zokha, mulibe Kariba, Kasumbalesa, Nakonde kapena mtengo wa cimanga, mwanayo adzaturuka wodziwa kulonda nyumba ya eni, ya kwao iri pululu.

Mwana wa ku Libala amene mtima wace uli pa maphunzirowa sayenera kudikira kalata ya yunivesiti kuti ayambe. Nyumba yosungiramo makalata akale a Boma, National Archives, iri ku Ridgeway, ulendo wa basi imodzi, ndipo muli manyuzipepala a zaka za Smith. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394, m'mene a Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962 alikutsogolera UNIP, pamene Boma la atsamunda linali kuwaona iwo ngati ngozi ya citetezo. Ndipo m'nyumba zambiri za ku Libala ndi ku Kabwata mukali agogo amene anaima pa mzere wa petulo mu 1966, amene anazima nyali usiku poopa ndege za Rhodesia, ndi amene anamva mau a Luchembe pa wailesi m'mamawa wa pa Ciweru uja. Mwanayo atenge kope ndi pensulo, akhale pansi, awafunse cimene anaopa koposa pa nthawi iri yonse, ndi amene anawathandiza.